Foda ili pa kompyuta ina koma pulogalamu yanu siikuiona: mmene mungazikonzere pa Linux

M'maofesi ambiri ang'onoang'ono a pa Dedza boma, ku Linthipe kapena ku Bembeke, makompyuta safanana. Ya abwana kapena ya akauntanti imakhala ya Windows, ndipo m'menemo ndi momwe mumasungidwa makalata, malipoti ndi zithunzi zonse. Enawo, makamaka akale omwe anabwera ngati thandizo, anaikidwa Ubuntu kapena Linux Mint chifukwa Windows yatsopano imawalemera. Fayilo ikafunika, fulashi imayamba kuyenda desiki ndi desiki, kufika madzulo lipoti limodzi lili ndi makope anayi, lomaliza osadziwika kuti ndi liti.

Foda imodzi yogawana pa netiweki imathetsa zimenezi, ndipo siidya bandulo, poti mafayilo amangodutsa pa rauta ya mu ofesi momwemo osapita pa intaneti. Koma pa Linux pali pomwe anthu ambiri amakakamira. Foda ija imatseguka bwinobwino mu Files, pulogalamu yoonera mafoda, mafayilo onse mukuwaona, koma mukalowa m'pulogalamu monga QGIS ya mapu n'kudina Open, foda ija siikupezeka paliponse. Tifika pamenepo, koma tiyambe ndi kompyuta yomwe ili ndi mafayilo, chifukwa theka la mavuto limachokera kumeneko.

M'zitsanzo zonse, kompyuta ya Windows ili pa adiresi 192.168.1.10, foda yogawana dzina lake ndi zikalata, ndipo akaunti yolowera ndi ofesi. Inu muziika zanu.

Konzani kaye mbali ya Windows

Pangani akaunti ina yapadera pa kompyuta ya Windows, ya pa kompyuta pomwepo yosalumikizidwa ku imelo ya Microsoft, muipatse pasiwedi. Musagwiritse ntchito akaunti ya abwana. Chifukwa choyamba n'chakuti pasiwedi yawo idzafalikira ofesi yonse. Chachiwiri, ambiri amalowa pa Windows ndi PIN ya manambala anayi, ndipo PIN siigwira ntchito pa netiweki. Mutha kutha theka la tsiku mukutayipa manambala olondola, kompyuta n'kumakukanirani.

Kenako dinani kumanja pa foda yomwe mukufuna kugawana, Properties, Sharing, Advanced Sharing, chongani Share this folder. Pa Permissions onjezani akaunti ya ofesi ija ndi kuipatsa Change ngati anthu azilembamo. Musatseke msanga, pitani pa tsamba la Security n'kuonjezanso akaunti yomweyo. Windows imayang'ana malo onse awiri, ndipo pomwe pali pothina ndi pomwe imatsata. Dzina la foda likhale lalifupi, lopanda mpata pakati. Mudzandithokoza tikafika pa fstab, fayilo ya Linux momwe tidzalembe dzinalo.

Onetsetsani kuti netiweki ya mu ofesi yalembedwa Private osati Public, komanso kuti File and printer sharing ndi yoyatsa. Pa Power settings, Sleep ikhale Never nthawi ya ntchito, apo ayi akauntanti akangopita kukadya nsima, foda ya aliyense imazimiririka.

Tsegulani cmd, zenera lotayipiramo malamulo pa Windows, tayipani ipconfig, lembani pa pepala nambala yomwe ili pa IPv4 Address.

Nambala imeneyi siikhazikika yokha. Rauta ndi yomwe imagawa maadiresi, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso, itha kupatsa kompyuta ija 192.168.1.14 pomwe dzulo inali pa 192.168.1.10. Kuno kwathu komwe magetsi amatha kuthima kangapo pa sabata, ichi si chinthu chosiyira mawa. Lowani m'makonzedwe a rauta, pezani pomwe palembedwa DHCP reservation kapena Address reservation, mumangirire adiresi imodzi ku kompyuta imeneyo. Zonse zomwe zikubwera m'munsimu zikudalira nambala yosasintha.

Yesani ngati makompyuta akumvana

Pa Linux tsegulani Terminal ndi Ctrl+Alt+T:

```
ping -c 4 192.168.1.10
```

Ikayankha, njira ilipo. Ikapanda kuyankha, onani ngati makompyuta onse ali pa rauta imodzi. Wi-Fi ya alendo komanso ma MiFi ena amaletsa dala zida kuonana, ngakhale zonse zili pa intaneti. Kuti muone mayina enieni a mafoda ogawana:

```
sudo apt install smbclient
smbclient -L //192.168.1.10 -U ofesi
```

Kuika mapulogalamu kokhaku ndi komwe kumafuna intaneti, ndipo ndi tating'ono. Ngati dzina loti zikalata laoneka pa mndandanda, ndiye kuti akaunti ndi pasiwedi zili bwino.

Njira yachangu: kudzera mu Files

Tsegulani Files, kapena Nemo ngati muli pa Linux Mint, dinani Ctrl+L, tayipani:

```
smb://192.168.1.10/zikalata
```

Sankhani Registered User, dzina ofesi, Domain musiye WORKGROUP, ikani pasiwedi, sankhani Remember forever ngati kompyutayo ndi yanu nokha. Foda ikatseguka dinani Ctrl+D kuti ikhale pa mndandanda wa kumanzere.

Musataye nthawi ndi chizindikiro cha Windows Network. Kawirikawiri chimatseguka chopanda kanthu, chifukwa chimadalira njira yakale yofufuzira makompyuta yomwe inazimitsidwa. Tayipani adiresi basi.

Kwa mlembi yemwe ntchito yake ndi makalata a LibreOffice Writer ndi ma PDF, apa pakwana. Akadina kawiri pa fayilo imatseguka, akasunga imasungika.

Chifukwa chomwe mapulogalamu ena saiona

Files ikatsegula adiresi ya smb (SMB ndi njira yomwe Windows imagawirana mafoda pa netiweki), siilumikiza foda ija ku kompyuta yonse. Imagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa GVfs, komwe mapulogalamu a banja la GNOME amakadziwa. Mapulogalamu ena sadziwa adiresi yoyamba ndi smb. Amangodziwa njira zoyamba ndi mzere wopendeka, monga /home kapena /mnt. Wophunzira za nkhalango yemwe akufuna kutsegula mapu a Chongoni mu QGIS amakumana ndi zimenezi, chimodzimodzi amene akuyendetsa pulogalamu ya Windows kudzera mu Wine.

Komabe pali khomo lakuseri. GVfs imaonetsa foda ija ngati foda wamba pa malo awa:

```
ls /run/user/1000/gvfs
```

Nambala 1000 ndi ya akaunti yoyamba kupangidwa pa kompyutayo; tayipani id kuti muone yanu. M'menemo mupeza foda ya dzina lalitali losaoneka bwino:

```
smb-share:server=192.168.1.10,share=zikalata
```

Imeneyo ndi foda yanu ija, ndipo pulogalamu iliyonse itha kulowamo. Mukapeza mulibe kanthu pomwe mu Files foda ili yotsegula, pakusowa zidutswa ziwiri, zomwe pa mitundu yopepuka ya Linux nthawi zina siziikidwa:

```
sudo apt install gvfs-backends gvfs-fuse
```

Mukatero tulukani mu akaunti yanu n'kulowanso. Kuti musamatayipe njira yaitali ija tsiku lililonse, pangani chidule m'foda yanu ya kunyumba:

```
ln -s /run/user/1000/gvfs ~/Netiweki
```

Tsopano m'pulogalamu iliyonse, pa Open, mupeza foda yotchedwa Netiweki.

Njira imeneyi ili ndi zofooka zake. M'mawa uliwonse muyenera kuyamba mwatsegula foda ija mu Files, apo ayi Netiweki imakhala yopanda kanthu. Pa mafayilo akuluakulu imachedwa. Ndipo zizindikiro za m'dzina lija, makamaka madontho awiri ndi koma, zimasokoneza mapulogalamu ena. Kwa munthu wofuna fayilo kamodzi pa sabata ndi yokwanira. Kwa ofesi yomwe imagwira ntchito m'foda imeneyo tsiku lonse, ine ndimasankha njira yotsatirayi, ngakhale imafuna kudekha.

Njira yokhazikika: kulumikiza foda ndi cifs

Apa tikuuza Linux yeniyeniyo, osati Files, kuti itenge foda ya pa Windows n'kuiika pa /mnt/zikalata. Zikatero palibe pulogalamu yomwe ingasiyanitse foda imeneyi ndi ina iliyonse ya pa kompyutapo.

```
sudo apt install cifs-utils
sudo mkdir /mnt/zikalata
```

Yesani kaye ndi dzanja musanakhudze china chilichonse:

```
sudo mount -t cifs //192.168.1.10/zikalata /mnt/zikalata -o username=ofesi,uid=1000,gid=1000
```

Itha kufunsa mapasiwedi awiri motsatizana: yoyamba ndi yanu ya Linux, yachiwiri ndi ya akaunti ya ofesi ya pa Windows. Werengani bwino chomwe ikufunsa. Mukamatayipa nthawi zina sipaoneka nyenyezi kapena kadontho, ndi momwe Terminal imachitira.

Taonani uid ndi gid, nambala za akaunti yanu ya Linux ndi gulu lake. Mukaziiwala, mafayilo onse amaoneka ngati a root, akaunti yolamulira kompyuta yonse, mumatha kuwawerenga koma kusunga kumakanika, ndipo LibreOffice imatsegula chilichonse ngati chongowerenga. Anthu amathamangira kukasintha zilolezo pa Windows pomwe vuto lili pa mawu awiri amenewa.

Lowani mu /mnt/zikalata, pangani kafayilo, kachotseni. Zikatheka, masulani foda ija:

```
sudo umount /mnt/zikalata
```

Tsopano pasiwedi. Musailembe mu fstab, chifukwa fayilo imeneyo aliyense wolowa pa kompyutayo amatha kuiwerenga. Iikeni payokha:

```
sudo nano /etc/zikalata.cred
```

Lembani mizere iwiri, popanda mpata kutsogolo kapena kumbuyo kwa chizindikiro cha =:

```
username=ofesi
password=pasiwediyanu
```

Sungani ndi Ctrl+O, Enter, tulukani ndi Ctrl+X, kenako itsekeni kuti root yekha ndiye aziiwerenga:

```
sudo chmod 600 /etc/zikalata.cred
```

Fayilo ya /etc/fstab ndi yomwe Linux imawerenga poyaka kuti idziwe madisiki oti ilumikize. Kulakwitsa m'menemo kutha kuchititsa kompyuta kuima pa sikirini yakuda, ndiye sungani kaye kope:

```
sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.kale
sudo nano /etc/fstab
```

Mizere yomwe ilimo musaikhudze. Pitani pansi penipeni, onjezani izi zonse pa mzere umodzi:

```
//192.168.1.10/zikalata /mnt/zikalata cifs credentials=/etc/zikalata.cred,uid=1000,gid=1000,_netdev,nofail,x-systemd.automount,x-systemd.mount-timeout=15 0 0
```

Pakati pa makoma pasakhale mpata. Ngati dzina la foda lili ndi mpata, monga "Malipoti Onse", mpatawo umalembedwa \040, ndipo limakhala Malipoti\040Onse.

Mawu anayi akumapetowo ndi omwe amapangitsa makonzedwe amenewa kupirira moyo wa m'maofesi athu. _netdev amauza Linux kuti iyi ndi foda ya pa netiweki, idikire netiweki iyake. nofail amalola kompyuta kuyaka ngakhale foda ija isapezeke. x-systemd.automount ndi ofunika koposa: Linux siilumikiza foda poyaka, imadikira mpaka wina ayese kulowamo. Taganizani m'mawa wa mu Juni pa Dedza, chifunga chili tolo, mlembi wafika 7 koloko wayatsa kompyuta yake, akauntanti afika mochedwa. Popanda mawu amenewa, kompyuta ya mlembi ikanayesa kamodzi, kulephera, n'kusiya mpaka ataiyatsanso. Ndi mawu amenewa, akauntanti akangoyatsa yawo, mlembi adina foda ija ndipo itseguka. Mawu omalizawo amangoletsa kompyuta kudikira kupitirira masekondi 15 pamene inzake ili yozima.

Kuti zigwire ntchito osazimitsa kompyuta:

```
sudo findmnt --verify
sudo systemctl daemon-reload
sudo systemctl start mnt-zikalata.automount
ls /mnt/zikalata
```

Lamulo loyambalo limayang'ana ngati mu fstab muli cholakwika. Likadandaula za mzere wanu, ukonzeni musanazimitse kompyuta. Mafayilo akaoneka pa ls, tsegulani /mnt/zikalata mu Files n'kudina Ctrl+D. Zomwe zili mu /mnt sizionekera zokha kumanzere, ndiye chizindikirochi ndi chofunika. M'mapulogalamu ambiri mutha kutayipanso njirayo m'bokosi la Open. Mu Wine, foda yomweyi ili pa Z:\mnt\zikalata.

Kompyuta ikakhala ya anthu angapo, aliyense ndi akaunti yake ya Linux, aikeni onse m'gulu limodzi, ikani nambala ya gululo pa gid, n'kuonjezera file_mode=0664,dir_mode=0775. Dziwani kuti kwa Windows onsewo ndi munthu mmodzi, ofesi, ndiye simungadziwe amene wasintha chiyani.

Pulogalamu ikakanabe

Mapulogalamu oikidwa ngati Snap kapena Flatpak amakhala otsekeredwa, amaona mafoda omwe aloledwa okha. Ubuntu imakonda Snap. Linux Mint siibwera nayo, inatseka kuiika kudzera pa apt kuyambira pa Mint 20 mu 2020, ndipo imabwera ndi Flatpak. Pa Snap:

```
snap connections dzinalapulogalamu
sudo snap connect dzinalapulogalamu:removable-media
```

Chilolezo cha removable-media chimatsegula /media ndi /mnt, ndipo n'chifukwa chake tinaika foda yathu mu /mnt osati kwina. Ngati mawu amenewa sakuoneka pa mndandanda wa lamulo loyambalo, pulogalamuyo siingapatsidwe chilolezocho, ndi bwino kufuna mtundu wake wa apt. Pa Flatpak, pezani dzina lonse la pulogalamu ndi flatpak list --app, kenako:

```
flatpak override --user --filesystem=/mnt/zikalata dzina.lonse.lapulogalamu
```

Tsekani pulogalamuyo n'kuitsegulanso.

Manambala a zolakwika

mount ikakana imatchula nambala. 13 ndi dzina, pasiwedi kapena zilolezo za pa Windows. Onaninso fayilo ya cred ngati mulibe mpata wobisika kumapeto kwa mzere. 2 kawirikawiri ndi dzina la foda lolembedwa molakwika, ndipo smbclient -L ikuonetsani lolondola. 115 ndiye kuti kompyuta inayo siikufikika: yazima, yasintha adiresi kapena firewall yatseka khomo 445, lomwe SMB imadutsira. Nthawi ya mvula muyambe ndi kuona nyali za pa rauta ndi pa swichi, makamaka ngati kebulo ikuchoka pa buloko ina kupita ina. Mphenzi siichedwa kuwotcha khomo limodzi n'kusiya ena ali bwinobwino. Zambiri za cholakwikacho zimapezeka ndi sudo dmesg | tail.

112, yomwe imati Host is down pomwe kompyuta mukuiona ili yoyaka, nthawi zambiri imatanthauza kuti chida chinacho chimangolankhula SMB1, mtundu wakale wa njira imeneyi. Zimachitika ndi Windows XP, marauta okhala ndi pobaya fulashi, ndi timabokosi takale tosungira mafayilo. Mukafufuza pa intaneti mupeza oti onjezani vers=1.0, ndipo zimagwiradi. Koma SMB1 sinazimitsidwe popanda chifukwa. Ndi momwe vairasi ya WannaCry inadutsira mu Meyi 2017, n'kutseka mafayilo pa makompyuta m'maiko ambiri, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain. Microsoft inasiya kuiyatsa pa Windows 10 yatsopano chaka chomwecho, ndipo Samba, pulogalamu yomwe Andrew Tridgell anayamba kuti makompyuta a Unix azimvana ndi a Windows, inaizimitsa pa mtundu wa 4.11 mu 2019. Ngati mukungofuna kusamutsa mafayilo pa chida chakale kamodzi kokha, gwiritsani vers=1.0 ndi dzanja, samutsani, masulani. Kuisiya mu fstab ine sindingavomereze.

Zomwe foda yogawana siichita bwino

Windows ya pa desiki imalola zida 20 zokha kulumikizidwa nthawi imodzi. Ku ofesi ya koparetivu zimenezi sizivuta, koma labu ya sukulu ya makompyuta 30 ikufunika seva ya Samba pa Linux.

Anthu awiri asatsegule nkhokwe imodzi ya SQLite kudzera pa netiweki n'kumalembamo. Mafayilo a GeoPackage a mu QGIS ndi a mtundu umenewu, komanso timapulogalamu tambiri tosungira mayina a mamembala ndi ngongole. Kayendetsedwe ka maloko pa netiweki sikodalirika mokwanira, ndipo fayilo itha kuonongeka. Koperani pa kompyuta yanu, gwirani ntchito, bwezerani, mutagwirizana kuti lero akugwira ndani.

LibreOffice ikatsegula fayilo imapanga kafayilo kobisika pambali pake, monga .~lock.mbatatesi.ods#, kuti wina akatsegula auzidwe kuti fayilo ili m'manja mwa mnzake. Magetsi akazima mwadzidzidzi kafayiloko kamatsala, ndipo mawa lake aliyense amauzidwa kuti fayilo yatsekedwa ndi munthu yemwe sanafike n'komwe ku ntchito. Dinani Ctrl+H mu Files kuti zobisika zioneke, funsani ofesi yonse ngati palibe amene watseguladi fayiloyo, kenako chotsani kafayiloko.

Fayilo yochotsedwa kudzera pa netiweki siipita mu Recycle Bin ya kompyuta ya Windows ija. Choncho kompyuta imodzi ya Linux izisunga kope, mwina Lachisanu lililonse musanaweruke:

```
rsync -av /mnt/zikalata/ ~/kope-la-zikalata/
```

Ulendo woyamba imakopera zonse, maulendo otsatira imangotenga zatsopano ndi zosinthidwa. Musaonjezere --delete, chifukwa mukatero chomwe wina wachotsa molakwitsa chichotsedwanso m'kope lanu.

Kompyuta ya Windows ikazima foda ili yolumikizidwa, Files kapena pulogalamu yanu itha kuuma kwa kanthawi ikudikira yankho. Musathamangire kukanikiza batani lozimitsira. Inzakeyo ikayakanso, kulumikizana kumabwerera kokha. Ngati siyakanso tsiku limenelo, tsegulani Terminal n'kutayipa sudo umount -l /mnt/zikalata, ndipo ntchito yomwe inali yotsegula muisunge ndi Save As m'foda yanu ya kunyumba.